SITIMA YOKWANA PA THEBULO: LUSO LOYAMBIRA PA WAYA NDI ZITINI

Mseu waukulu wocoka pakati pa mzinda wa Lusaka kulowera ku Woodlands, umene dzina lake ndi Independence Avenue, umayamba ndi kulumpha njanji pa mlatho. Ambiri odutsapo sayang'ana n'komwe pansi, komatu njanji imeneyo ndiyo inabala mzindawu. Pamene njanji inali kuyalidwa kucokera ku Livingstone kupita ku Broken Hill, kumene lero ndi ku Kabwe, m'caka ca 1905 anakonza poima sitima pafupi ndi mudzi wa mfumu Lusaaka. Masitolo anatsatira, ndipo m'caka ca 1935 boma linasamutsira likulu lake pamalopo.

M'zaka za m'ma 1990 sitima yonyamula anthu opita kunchito, ya Njanji Commuter, inali kufika ku Chilenje, kufupi ndi Woodlands, koma inaleka kuyenda zaka zimenezo zisanathe. Anyamata a ku Woodlands, Chilenje ndi Kabwata amapinda waya nakonza mabasi, malole ndi magalimoto okhala ndi ciongolero cacitali, koma sitima ya waya ndi yosowa. Cifukwa cake n'codziwika: dzanja silipanga cimene diso silinaone. Kum'mawa nako ndi cimodzimodzi. Njanji yocokera ku Mchinji, ya makilomita 27, imene nchito yake inayamba mu 1982, inatsegulidwa ku Chipata mu 2010, ndipo ana ambiri a ku Petauke, Katete ndi Lundazi amaidziwa sitima pa cithunzi ca m'buku la kusukulu cabe.

AKULU OSEWERA NDI TISITIMA

Ku maiko a ku Ulaya kupanga tisitima si masewera a ana okha. Madoda a imvi amatha zaka akukonza mutu wa sitima wotalika ngati cikhatho, pamodzi ndi mabogi ake, siteshoni, milatho ndi mapiri, zonse pa thebulo limodzi, ndipo kasitimako kamayenda ndi magetsi odzera m'njanji zake.

Dziko la Ireland, kwao kwa ansembe ndi masisitere ambiri amene anaphunzitsa m'masukulu a m'Zambia, lili ndi mbiri yokoma pa luso limeneli. Cyril Fry, yemwe anali kugwira nchito pa malo okonzera sitima a Inchicore mumzinda wa Dublin, anapanga ndi manja ake tisitima tambirimbiri tofanana ndi sitima za m'dziko lake, natiyendetsa m'nyumba mwake. Iye anamwalira, sitima zambiri zimene anatengerako zinaphwanyidwa kalekale, koma tisitima take tikusungidwa m'nyumba yoonetsera anthu ku Malahide, imene inatsegulidwa mu 2020. Mdzukulu wofuna kudziwa sitima imene ambuye ake anakwera amapita kumeneko.

Cimene cinakulitsa luso la anthu a ku Ireland ndi kusowa. Kwa zaka zambiri mafakitale anali kupanga tisitima ta ku Britain, ku Germany ndi ku America, osati ta dziko laling'ono ngati lao. Wofuna sitima ya kwao anali kugula ya ku Britain, naiceka, naisintha mazenera, naipaka utoto wina, kapena kuyamba yekha ndi timalata ta mkuwa, pulasitiki ndi makatoni. Makampani a Murphy Models ndi Irish Railway Models anabwera pambuyo pake, amisiri a m'nyumba atalambula kale njira.

CINSINSI NDI MUYESO

Kusiyana kwa cidole wamba ndi cifaniziro ceniceni kuli pa muyeso. Mmisiri amasankha nambala imodzi nagawa nayo ciriconse. Ku Britain ndi ku Ireland ambiri amagawa ndi 76. Motero bogi ya mamita 20 imakhala ya masentimita 26, ndipo munthu woimirira pa siteshoni amatalika mamilimita 22. Akalakwa pa cinthu cimodzi, mwina citseko cikakula kuposa muyeso, diso limaona msanga ngakhale mwini diso sadziwa masamu.

Pamenepa mpamene Ireland ndi Zambia alingana pa bvuto. Njanji za maiko ambiri zimatalikirana mamilimita 1,435, ndipo tinjanji togulitsidwa kwambiri m'masitolo, ta mamilimita 16.5, tinayesedwa pa zimenezo pogawa ndi 87. Koma njanji za ku Ireland ndi zotakata, mamilimita 1,600, kotero kuti pa muyeso wa 76 zifunika mamilimita 21. Amisiri osafuna cinyengo amayala okha njanji zao, mtanda umodziumodzi. Njanji za Zambia Railways ndi za TAZARA ndi zopapatiza, mamilimita 1,067, ndipo pa muyeso womwewo zifunika mamilimita 14. Njanji ya m'sitolo imamcepera wa ku Ireland, imamkulira wa ku Zambia, ndipo onse awiri mankhwala ao ndi amodzi: kupanga okha.

Mnyamata wa waya sayenera kulimbana ndi tinthu tating'ono cotere. Atagawa ndi 20, ngolo ya katundu ya mamita 12 ikhala ya masentimita 60, ndipo njanji zake zitalikirana mamilimita 53. Rula ya kusukulu ndi yokwanira pa nchito yonseyi.

ZIPANGIZO ZILI PAKHOMO

Waya wolimba ndiwo mafupa a sitima, ndipo waya wofewa kapena malegeni ndiwo omangira mfundo. Citini ca mafuta ophikira cikadulidwa ndi kuongoledwa cimapereka malata a m'mbali ndi denga. Zitini za polishi wa nsapato ndi zitsekerero za mabotolo zimasanduka mawilo. Wilo la sitima lili ndi mlomo mkati mwake umene umaliletsa kutsika panjanji. Mmisiri wocenjera amalumikiza citsekerero cacing'ono ndi cacikulu, cacikulu cikhale mkati, ndipo sitima yake siigwa pokhota.

Wa kumudzi ali ndi mwai woposa wa m'tauni. Ciwale ndi mapesi zimasemeka ndi kampeni, nsungwi yong'alula imakhala njanji, timitengo ta macisi ndi bango zimamanga mlatho, dongo la pa culu limaumba mapiri, ndipo mcenga wosefa umalowa m'malo mwa miyala ya pansi pa njanji. Amisiri a ku Ulaya amagula zonsezi ndi ndalama.

Comaliza ndi cimene akatswiri amacilemekeza koposa: kudetsa. Sitima ya nchito siiwala ngati mbale yatsopano. Amapaka mwaye pa denga, dzimbiri pa mawilo ndi fumbi m'munsi mwa mabogi, mpaka woona aganize kuti yafika kumene kucokera ku Kapiri Mposhi.

ZOYENERA KUFANIZIRA

Zambia siisowa sitima za mbiri. Pali mitu ya malasha ya mtundu wa Garratt, yopangidwa ku Manchester, imene inali ndi cophikira madzi pakati, thanki kutsogolo ndi malasha kumbuyo, ndipo inakoka malasha ndi mkuwa kufikira injini za dizilo zitailanda nchito. Pali mlatho wa pa Mosi-oa-Tunya wa 1905. Pali sitima ya ku Mulobezi imene inali kututa matabwa a mukusi. Pali TAZARA, njanji ya ufulu ya makilomita 1,860 kucokera ku Kapiri Mposhi kufika ku Dar es Salaam, yomangidwa ndi cithandizo ca China kuyambira 1970 kufikira 1975. Mitu ina yakale ikusungidwa ku Railway Museum ku Livingstone, koma citsulo cokhala pa dzuwa ndi pa mvula cimadyeka, ndipo madoda amene anaziyendetsa akutha mmodzimmodzi. Ali moyo ndiwo angauze mwana pamene panali kukhala woponya malasha ndi mmene wezulo inali kulirira.

MAU KWA MAKOLO NDI APHUNZITSI

Pali cenjezo limodzi lalikulu. Waya wa pa mpanda wa mnansi, wa lamya, wa magetsi kapena citsulo ciriconse ca pa njanji si zotola. Kudula zimenezi ndi mlandu, ndipo waya wa magetsi umapha. Njanji yeniyeni si bwalo la masewera, pakuti sitima siingaime msanga ngati njinga.

Kupatula apo, mwana wopinda waya asathamangitsidwe ngati waulesi. Pogawa mamita ndi 20 akucita masamu amene amamubvuta pa bolodi. Poyesa, kulemba cithunzi, kudula ndi kulumikiza akuyamba nchito imene amisiri a ku malo okonzera sitima ku Kabwe amadyera. Zopangidwa bwino zingapeze ogula pakati pa alendo ofika ku Kabwata Cultural Village, kumene amisiri a zosema amagulitsa nchito za manja ao. Mphunzitsi wa ku Woodlands kapena wa ku Chadiza angapatse kalasi lake thebulo limodzi, ena apange mutu, ena mabogi, ena siteshoni, onse pa muyeso umodzi, kuti aone okha kuti bogi ya wolakwa masamu siikwera njanji ya anzake. Akulu anati m'mera mpoyamba, ndipo dziko lofuna kuti njanji zake ziyende bwino lidzasowa amisiri ngati siliwasamala akali pa msinkhu wa waya ndi zitini.