Adasiya kubwera ku Misa: akayambire kwa yani?

Amayi anzanga, m'kaundula wa bungwe lathu muli mayina amene mlembi amangowadumpha poitana. Mwini dzina sanamwalire, sanasamuke. Timakumana naye kuchigayo ndi pamjigo, koma kutchalitchi adaleka. Poyamba adajomba Lamulungu limodzi, kenaka mwezi, lero zaka zitatu. Tikamamukamba timangoti "wafooka", nkhani n'kuthera pomwepo.

Ife azamba timamva zifukwa zimene sizifika kumsonkhano wa mphakati, chifukwa mayi akagona pabedi la chipatala amamasuka. Ochepa okha ndi amene adakana Mulungu. Ambiri adachoka ndi bala. Wina adachira mwana wakufa, anthu n'kumuuza kuti poti sanabatizidwe alibe malo kumwamba. Wina ali ndi fistula, mkodzo umangotuluka, ndipo amaopa kunyowetsa benchi. Wina ukwati wake sunadalitsidwe, adatopa kukhala pansi anzake akupita kukalandira Ukaristia. Wina adachotsa mimba ali mtsikana, mpaka lero sanauze munthu. Alipo ena amene chidawathawitsa ndi manyazi a mtulo wa zaka zingapo basi.

Mayi wotere akafuna kubwerera, funso lake limakhala limodzi: ndikalankhule ndi yani? Kaya funsoli ndi la mnzanu, kaya ndi lanu inu amene mukuwerenga, yankho n'lomwelo.

Kucheza ndi wansembe ndi kulapa n'zinthu ziwiri. Mutha kupempha nthawi yongocheza, kufotokoza kukaika kwanu ngakhale mkwiyo wanu, musanakonzeke kulowa m'sakramenti. Musachite zimenezi pakhomo la tchalitchi Misa itangotha, pamene Bambo azunguliridwa ndi anthu ndipo akuthamangira Misa ina kunthambi. Pitani kuofesi ya parishi pakati pa sabata, kapena tumizani uthenga pafoni. Mawu ake asakuvuteni: "Bambo, ndakhala nthawi yaitali osabwera kutchalitchi, ndikupempha kucheza nanu." Zakwana. Amene muli kunthambi, akatekisiti amadziwa tsiku limene ansembe adzabwere.

Palibenso lamulo lakuti mukalape kwa Bambo Mfumo a parishi yanu okha. Ngati mumawachitira manyazi chifukwa amadziwana ndi amuna anu, pitani kuparishi yoyandikana nayo, kapena funsani wansembe amene amayendera odwala pachipatala cha mishoni. Ineyo ndimaona kuti ansembe a m'zipatala amamvetsera modekha, mwina chifukwa misozi adaizolowera. Asisitere, akatekisiti ndi atsogoleri a mphakati angakutsegulireni khomo, koma dziwani kusiyana kwake. Chinsinsi cha m'kulapa n'chotetezedwa ndi lamulo la Mpingo, nambala 983, ndipo wansembe woulula za munthu amene walapa amachotsedwa mu umodzi wa Mpingo nthawi yomweyo. Ena onsewa amasunga chinsinsi mwa ulemu wao chabe. Sankhani munthu wa pakamwa polemera.

Zina zimene zimatsekereza amayi panja si chiphunzitso cha Mpingo n'komwe. Za ana omwalira asanabatizidwe, Katekisimu amawapereka m'chifundo cha Mulungu, ndipo mu 2007 Papa Benedict XVI adavomereza chikalata cha akatswiri a zaumulungu chonena kuti pali zifukwa zomveka zoyembekezera kuti anawa apulumuka. Mayi amene adaika mwana mwakachetechete, popanda nyimbo kapena mwambo, ali ndi ufulu wopempha wansembe kuti apemphere naye ndi kumutchula mwanayo. Za kuchotsa mimba, Mpingo sunasinthe kuti ndi tchimo lalikulu, koma mu November 2016, potseka Chaka cha Chifundo, Papa Francis adapatsa ansembe onse mphamvu yokhululukira tchimoli. Simuyenera kufunafuna bishopu.

Za ukwati ndiye zimafuna kuleza mtima. Nthawi zina chotsala n'kungodalitsa. Nthawi zina pali ukwati woyamba woti bwalo la dayosizi liuunike ngati udali womangika, ndipo ndondomeko yake idafewetsedwa mu 2015. Wansembe woona sangakulonjezeni yankho la tsiku limodzi. Koma ngakhale musanaloledwe kulandira Ukaristia, ndinu wobatizidwa, ndipo pa Misa ndi mumphakati malo anu alipo. Za mtulo, nenani poyera mmene zinthu zilili kunyumba, mukambirane.

Bwanji mukapeza wansembe waukali kapena wopupuluma? Zimachitika. Namwino mmodzi akakukalipirani simusiya kumwa mankhwala, mumapita kwa wina. Kumananinso masana, kuofesi kapena m'tchalitchi, ndipo ngati mukufuna tengani mnzanu akudikireni pakhonde. Aliyense wofuna kukumana nanu mobisa kapena wokutchulirani mtengo wa chikhululukiro, mtalikireni ndipo mudziwitse akuluakulu a dayosizi.

Pano ndilankhule monga wachipatala. Mayi amene kwa milungu yoposa iwiri sakugona, sakudya, amangolira, sakufuna ngakhale kuyamwitsa, mwina sanataye chikhulupiriro, akudwala matenda a nkhawa, amene amagwira amayi ambiri akangochira kapena akataya mwana. Ameneyu afunika Bambo ndi chipatala pamodzi. Akatchula zodzipha, musadikire Lamulungu, mperekezeni kuchipatala tsiku lomwelo. Fistula imachiritsika ndi opaleshoni, ndipo ku Bwaila mu Lilongwe kuli malo ochitira zimenezi. Amene akumwa ma ARV asasiye chifukwa wina wamupempherera.

Ife a bungwe, kawirikawiri ndife timaopseza kuposa ansembe. Tikapita kwa mayi wotere tili khumi, titavala yunifolomu, iye amaona bwalo la milandu. Apite mmodzi kapena awiri, ndi kachitenje wamba. Musamufunse chimene adachita. Mufunseni ngati angakonde kuti mumupezere nthawi kwa Bambo, ndipo akavomera mumuperekeze mpaka pakhomo, inu n'kutsala panja. Lamulungu loyamba mukamtenge kunyumba, mulowe limodzi, mukhale naye benchi limodzi, ndipo wina akafunsa kuti "munasowera kuti?" muyankhe ndinu, kuti iye asavutike.