'Ndinkamudziwa' ndi 'ndinamudziwa': Chisipanishi chimasiyanitsa ngati Chichewa

Okonda mpira ku Nancholi mumzinda wa Blantyre amamva Chisipanishi kawirikawiri kudzera mwa osewera a Real Madrid ndi Barcelona. Chiyankhulochi ndi chaboma m'maiko 20, kuphatikizapo Equatorial Guinea muno mu Africa, komanso ndi chimodzi mwa ziyankhulo 6 za bungwe la United Nations.

Wochiphunzira amapunthwa msanga akafuna kunena za anthu ndi malo amene adawazolowera kale. Komatu wodziwa Chichewa ali ndi pogwira.

Mneni woti "kudziwa" ali pawiri m'Chisipanishi. Saber ndi kudziwa nkhani kapena luso, monga mtengo wa ufa ndi kusoka zovala. Conocer ndi kudziwa munthu kapena malo. Choncho ponena za mnansi, mneni woyenera ndi conocer.

M'nthawi yakale, mneniyu amatenga njira ziwiri. Conocía amanena za kudziwa komwe kudalipo kwa nthawi ndithu, osatchula poyambira. Conocí amaloza nthawi imene kudziwako kudayamba. Uku n'kusiyana komwe Chichewa chimaonetsa ndi -nka- komanso -na-. Wonena kuti "ndinkamudziwa" akukamba za chizolowezi, pomwe wonena kuti "ndinamudziwa mu 2019" akutchula chiyambi.

Chingerezi chimagwiritsa ntchito aneni awiri osiyana pa mfundozi, knew ndi met, motero wodzera m'Chingerezi sazindikira msanga kuti m'Chisipanishi mneni ndi mmodzi. Wodzera m'Chichewa amangosintha kachigawo kamodzi ka mawu.

Kusiyanaku kumalemera munthu akamapereka umboni. Tiyerekeze kuti mwini nyumba ku Nancholi akufunsidwa za mlendo amene akuganiziridwa mlandu wakuba. Akati "ndinkamudziwa", apolisi afuna kumva kuti ubale wawo udafika pati. Akati "ndinamudziwa tsiku lomwelo", wadzipatula. M'Chisipanishi yankho loyamba ndi lo conocía, lachiwiri ndi lo conocí ese día. Womasulira akasokoneza ziwirizi, munthu wongodutsa amasanduka bwenzi la ponda apa nane mpondepo.

Lamulo lomweli limagwira ntchito pa malo. Conocía bien Nancholi ndi mawu a munthu amene ankadziwa tinjira tonse ta deralo. Conocí Nancholi en 2019 ndi mawu a munthu amene adapondako koyamba chaka chimenecho.

Pali zina ziwiri zofunika kusamala. Potchula munthu, Chisipanishi chimaika ka a patsogolo pa dzina, monga conocía a Chisomo, koma potchula malo sikaikidwa. Chachiwiri, conocía amatanthauza "ndinkadziwa" komanso "ankadziwa", choncho pofuna kuchotsa chikaiko amawonjezera yo, kutanthauza ine, kapena él ndi ella, kutanthauza iye wamwamuna ndi iye wamkazi. Koma "anamudziwa" ali ndi mawu akeake, conoció.

Phunziroli lili ndi phindu ngakhale kwa amene sadzafika ku Madrid. Chipwitikizi, chomwe ndi chiyankhulo chaboma ku Mozambique, chimasiyanitsa chimodzimodzi ndi mawu oti conhecia ndi conheci. Wamalonda wochoka ku Nancholi kudzera pachipata cha Mwanza ndi Zóbuè kupita ku Tete akafunsidwa za mnzake wapaulendo, ayenera kusankha bwino pakati pa awiriwo: adziwana kalekale, kapena angokumana m'basi.