Musanaumbe buloko, yambani mwaona pepala

Nyengo yogulitsa mbeu ikafika, m'matumba mwathu ife alimi a kuno kum'mawa mumalowa ndalama imene sitiiona caka conse. Wina wagulitsa soya, wina nshawa, wina thonje kapena fodya. Pamenepo ganizo limabwela lakuti tipite ku tauni tikagule puloti, timange kanyumba ka lendi, kuti tsiku limene khasu lidzatilemela tizidyako. Ganizoli n'labwino ndithu. Chipata inakhala mzinda mu 2017, ndipo ofuna pogona ku Kapata, Mchini, Magazine ndi Navutika sakutha. Ku Katete ndi ku Petauke n'cimodzimodzi. Koma ambili a ife timathamangila simenti ndi malata, nkhani ya mapepala n'kuisiya kumbuyo, ndipo pomwepo ndi pamene ndalama ya thukuta imathela.

Tiyambe ndi nthaka. Lamulo la malo la mu 1995 linena kuti malo onse a m'Zambia ali m'manja mwa Pulezidenti, amene awasungila anthu. Conco wokhala ndi taitolo sanagule nthaka cigulile: boma lam'bweleka, kawilikawili kwa zaka 99, ndipo caka ndi caka ayenela kulipilako ndalama ku Unduna wa za Malo. Wopeleka malo a boma ndi Commissioner of Lands, khonsolo imangom'thandiza posankha anthu. Kada wa cipani kapena cheyamani wa mu komboni alibe mphamvu imeneyi, ngakhale abwele ndi cidindo cokongola bwanji. Amene akayika akumbukile za ku Kasompe ku Chingola, kumene mu 2022 nyumba zoposa 300 zinagwetsedwa cifukwa zinamangidwa pa malo a bwalo la ndeke. Eni ake ambili anali atalipila munthu wina, ndipo anali ndi tumapepala m'manja.

Ngati mugula kwa munthu amene ali kale ndi taitolo, musakhutile ndi fotokope. Kafufuzeni ku ofesi yolembetsela malo ngati dzina lili m'buku ndi lomwelo lili pa lejisiti ya wogulitsayo, ndiponso ngati malowo sanapinyolitsidwe ku banki. Itanani saveya akuonetseni mabikoni. Boma liyenela kuvomeleza kuti malo asinthe dzina, ndipo pali msonkho wopita ku ZRA. Cenjelani kwambili ndi nyumba ya malemu. Lamulo la cuma ca masiye la mu 1989 silola woyang'anila cumaco kugulitsa nyumba popanda cilolezo ca khoti. Mwana mmodzi akakugulitsani mobisa, mawa mai wamasiye ndi ana enawo adzakupezani mutafika kale pa lintala.

Malo a mafumu ali ndi njila yawo. Kalata ya anyakwawa ikulolani kukhala ndi kulima, koma si taitolo. Kuti asanduke a taitolo pafunika kalata ya mfumu yaikulu ya delalo, kenaka khonsolo, kenaka unduna, ndipo mafumu ena salola n'komwe. M'makomboni ovomelezeka khonsolo imapeleka laisensi yokhalapo ya zaka 30. Imeneyonso ndi pepala lenileni, koma lisinthidwe kukhala m'dzina lanu.

Tsopano nyumba yatha, mwapeza wolowamo. Apa tilankhule mosabisa: ife anthu akumudzi timacita manyazi kulembelana. Timati munthu wooneka waulemu conco tingam'pemphe bwanji siginecha? Manyazi amenewo adzakudyetsani mnyozo pa khoti. Tengani pepala, lembani maina onse awili ndi manambala a malejisiti, ndalama ya pa mwezi, tsiku lolipila, amene adzalipila madzi, amene adzapopetsa cimbudzi cikadzala, ciwelengelo ca anthu ogonamo, ndi masiku ocenjezana wina akafuna kucoka. Mboni ziwili zisaine. Gulani kabuku ka malisiti, ndipo ngati alipila pa foni, uthengawo musafufute. Malaiti akhale a mita ya mayuniti, ndipo cikatheka khomo lililonse likhale ndi yake, pakuti ndeu zambili za pa yadi zimayambila pa funso lakuti ndani anaphika nyemba pa sitovu.

Wacibale naye alembedwe. Mwana wa alongo anu akalowa popanda pangano, pakatha caka mudzakhala mukum'manga inu nyumba yaulele, ndipo kum'cotsa kudzakhala mlandu wa banja lonse. Ngati mwafuna kum'thandiza, nenani poyela kuti n'thandizo la miyezi yakuti.

Nanga akaleka kulipila? Kucotsa citseko, kukanganula malata, kapena kutaya katundu wake pa mvula, zonsezi zikusandutsani inu wolakwa. Lamulo la lendi, limene lilipo kucokela mu 1972, linena kuti wokhala m'nyumba sacotsedwa popanda lamulo la khoti, ndipo kum'landa katundu cifukwa ca nkhongole kufunanso cilolezo ca khoti. Mulembeleni kalata, sungani ina, ndipo akapitiliza pitani ku khoti ndi pangano lija pamodzi ndi malisiti. Kumacedwa, inde, ndipo kumapsetsa mtima, koma kulipila munthu amene ali nanu nkhongole kumapweteka koposa.

Pa masamu, musawelengele miyezi 12. Welengelani 10, cifukwa padzakhala mwezi umene nyumba ikhala yopanda munthu, ndi wina umene ndalama yonse ipita ku penti, loko ndi mpope wothyoka. Kucokela mu 2022 msonkho wa lendi amaupeleka yekha mwini nyumba ku ZRA, conco khalani ndi TPIN, ndipo funsani ku ofesi yawo mlingo wa caka cino, pakuti umasintha ndi bajeti. Ndipo amene mukhala kutali, ku Vubwi kapena ku Lumezi, musasiyile mnyamata aliyense kutolela lendi. Ndalama izibwela pa foni yanu, inu n'kumakaiona nyumbayo mvula isanayambe, makamaka denga ndi ngalande.