Nyenyezi zazing'ono zili ndi zipsera

Madzulo a mu Disembala mitambo ikapatuka kuno ku Livingstone, tulukani kunja kwa tauni, cha kumsewu wa ku Mukuni, muyang'ane chakumpoto. Muona Nsangwe, kagulu kaja azungu amati Pleiades. Ndimazikonda nyenyezi zimenezi chifukwa ndi ana. Zili ndi zaka pafupifupi 100 miliyoni, pamene dzuwa lathu lili ndi zaka 4.6 biliyoni.

Nyenyezi yaing'ono imazungulira mothamanga. Pakati pake dzuwa limatha masiku 25 kuti lizungulire kamodzi, koma V410 Tauri, m'gulu la Taurus, simakwanitsa n'komwe masiku awiri. Liwiro limeneli limapota mphamvu ya maginito, ndipo pomwe mphamvuyo yachuluka, kutentha kochokera m'kati kumalephera kukwera. Pamenepo pamazizirako n'kuda, ngati chipsera pamphika wadothi. Padzuwa zipsera zotere sizifika ngakhale pa gawo limodzi mwa 100, koma pa nyenyezi zina zazing'ono zimaphimba mbali yaikulu ndithu.

Chondisangalatsa n'chakuti chipseracho sitichiona, nyenyezizo zili kutali kwambiri. Timangoona kuwala kukuchepa chipsera chikayang'ana kuno, kenako kubwerera chikapita kuseri. Mukawerenga nthawi pakati pa kuzilala kuwiri, mwadziwa liwiro la nyenyeziyo. M'chaka cha 2015, telesikopu ya Kepler inachita zimenezi ku Nsangwe, ndipo akatswiri anapeza liwiro la nyenyezi zoposa 700.

Kuthwanima komwe maso athu amaona usiku ndi nkhani ina. Kumabwera ndi mpweya wa dziko lathu lino.