Basi Icepetse Liwiro Isanalowe Pokhota

Akuluakulu a m'midzi ya kum'mawa akumbukirabe mabasi a UBZ, kampani ya Boma imene inatha m'zaka za m'ma 1990. Mabasi aja, monga a mtundu wa Leyland, anali kunyamuka ku Lusaka atasenza matumba, njinga ndi madengu a nkhuku pa keliyala, ndi kuyenda makilomita oposa 500 kufikira ku Chipata. Pa citunda anali kulira ngati atha kuima, ndipo ana anali kuwathamangira.

Malo amene madalaivala a nthawi ija anali kuwaopa koposa ndi mapiri a Manenekela, pakati pa Rufunsa ndi mlatho wa Luangwa umene unatsegulidwa mu 1968. Kumeneko mseu ukhotakhota, kwina phiri, kwina phompho.

Mantha ao anali ndi cifukwa. Basi ikakhota, pali mphamvu imene iikankhira kunja kwa mseu. Dalaivala akawirikiza liwiro kawiri, mphamvuyo siikula kawiri ai, ikula kanai. Tsono basi ndi yaitali m'mwamba, ndipo katundu wa pa denga aicititsa kukhala ngati mai wosenza mtsuko wodzala: kupendekeka pang'ono, zonse zili pansi.

Cifukwa cace dalaivala wodziwa nchito anali kuyamba kukonzeka kona isanafike. Asanatsike mtsetse anali kuika giya yaing'ono kuti injini igwire basi, pakuti mabuleki opondedwa kosalekeza atentha, ndipo akatentha aleka kugwira. Liwiro anali kulicepetsa mseu ukali woongoka. Akalowa pokhota, phazi linali litacoka kale pa buleki, manja onse awiri ali pa ciongolero, basi ili ku mbali yace ya kumanzere. Kuponda buleki mwamphamvu pakati pa kona, makamaka m'dzinja pamene tala aterera, ndiko kumene kuponya basi m'phompho. Kudya mbali ya mnzace pa kona yobisika nakonso nkoipa, popeza lole yobwera siioneka.

Mabasi a masiku ano asunga katundu pansi, ndipo mabuleki ao ndi abwino kuposa akale. Koma injini zao ndi zamphamvu, motero afika pa makona omwe aja ndi liwiro limene basi yakale siikanalikwanitsa ngakhale dalaivala atafuna. Ife tiona kuti ngozi yakula pamenepa, cifukwa basi yakale inali kudziletsa yokha, pamene yatsopano iyembekeza munthu kuti ailetse.

Inunso apaulendo muli ndi mbali yanu. Alipo ena amene anyoza dalaivala wodekha, namucha nkhalamba cifukwa basi ina yawapitirira. Lekani zotere. Mukamva thupi lanu likukankhidwira kwa mnzanu pa kona iliyonse, dziwani kuti liwiro lapyola muyeso. Uzani kondakitala mwaulemu, ndipo akapanda kumva, kadandauleni kwa apolisi kapena a RTSA pa malo oyamba amene basi idzaime.