Zomera Zosafuna Dothi

Chimanga, nandolo ndi chinangwa zimamera m'dothi, ndipo zikazulidwa zimauma. Koma zilipo zomera zina zimene zimakhala moyo wawo wonse osakhudza pansi.

Munthu woyenda m'nkhalango za kufupi ndi Monkey Bay, m'boma la Mangochi, akakweza maso angathe kuona chitsamba chobiriŵira chitakhala pa mphanda ya mtengo waukulu ngati chisa cha mbalame. Akatswiri a zomera amachitcha Ansellia. Mapesi ake amafanana ndi nzimbe zazing'ono, ndipo m'menemo ndi m'mene chimasungira madzi. M'nyengo yopanda mvula chimachita maluŵa achikasu a maŵanga ngati a kambuku. Mizu yake ina imakangamira khungwa, koma ina imaloza kumwamba ndi kulukana ngati dengu. Masamba ouma akagweramo amaola, ndipo ndiwo chakudya chake. Motero chomerachi sichili ngati kaufiti amene amayamwa mizu ya chimanga. Kumtengoko chimangopemphako malo okhala.

Pokopeka ndi maluŵawo, anthu ena amachikanganula kuti akachibzale kunyumba. Kaŵirikaŵiri amachikwirira m'dothi, ndipo mizu imaola. Komanso mbali yaikulu ya mapiri a kumeneko ili m'malo otetezedwa a Lake Malaŵi National Park, amene anakhazikitsidwa m'chaka cha 1980. Lamulo silimalola kuzula chomera chilichonse m'menemo.

Chomera chosavuta kusunga m'nyumba ndi china chotchedwa Tillandsia. Kwawo ndi ku America, kuyambira kumwera kwa United States mpaka ku Argentina, ndipo mitundu yake ndi yopitirira 600. Ngakhale sichibala chipatso chodyedwa, chili pachibale ndi chinanazi. Mizu yake ndi yogwirira chabe, mwakuti kwawoko chimamera ngakhale pa mawaya a magetsi. Chimamwa ndi masamba. Masambawo ali ndi timamba tating'ono kwambiri totuŵa, timene timatenga madzi a mvula ndi mame, pamodzi ndi chakudya chopezeka m'fumbi.

Wofuna kuchisamala aiŵale za khasu ndi manyowa. Achimangirire ndi luzi kapena ulusi pa chikuni chouma, monga zija zimalavulidwa ndi mafunde m'mbali mwa nyanja. Waya wa kopa ndi woipa chifukwa amachipha. Kenaka achipachike pakhonde kapena pafupi ndi zenera, poŵala bwino ndiponso popita mphepo. Dzuŵa la masana la kunyanja, makamaka m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, limawamba masamba ake. Kukhitchini nakonso sikoyenera, pakuti mwaye umatseka timamba tija.

Ntchito yaikulu ili pa kamwetsedwe. Anthu ambiri akamva kuti chomerachi chimakhala m'malere amaganiza kuti chimadya mpweya wokha, ndipo amachisiya mpaka kuuma. Ena amachithirira tsiku ndi tsiku mpaka kuola. Njira yabwino ndi kuchiviika m'beseni la madzi kwa mphindi 20 kapena 30 kamodzi pa mlungu. Kukatentha kwambiri, kapena mphepo ya Mwera ikamaomba masiku ambiri, achiviike kaŵiri. Madzi a mvula ndiwo abwino koposa. A pamjigo akakhala a mchere, kapena madzi alionse osakanikirana ndi sopo, asagwiritsidwe ntchito. Akachivuula achizondotse ndi kuchikutumula, kuti pakati pa masamba pasatsale madzi. Chiyenera kuuma pasanathe maola 4. Madzi ogona pamtima pake ndiwo amapha zomera zambiri za mtunduwu.

Chomeracho chimadzionetsa chokha pamene chavutika. Masamba akapindika kwambiri ndi kuuma kunsonga, ndiye kuti chili ndi ludzu. Tsinde likada ndi kufeŵa, madzi achuluka.

Mitundu yambiri ya Tillandsia imachita maluŵa kamodzi kokha. Maluŵa akafota, m'mbali mwa tsinde mumatuluka mphukira, ndipo kholo lija limayamba kuuma pang'onopang'ono. Mphukira ikafika pafupifupi theka la msinkhu wa kholo lake, mwini wake angathe kuibenthula mosamala ndi kuimangirira pa chikuni china, kapena kupatsako mnzake.