Tsiku limene ambuya anaona njovu masana

Pa mlatho wa Luangwa ku Mfuwe kumacha msanga. Isanakwane 6 koloko magalimoto opanda zitseko amakhala atafola kale pa geti, injini zikulira chapansipansi, alendo atakoleka makamera m'khosi. Ambiri a iwo amakhala atatsika ndege dzulo lake pa bwalo la Mfuwe, ena ochokera ku London, ena ku Amsterdam, ena ku New York. Mumsewu womwewo mumadutsanso amayi osenza nkhuni, anyamata a panjinga operekera tomato ndi repu kumalo ogona alendo, ndi ana opita kusukulu. Onsewa amakhota mlatho asanaufike. Tsidya linalo ndi South Luangwa National Park, nkhalango ya masikweya kilomita 9,050 imene imatchuka dziko lonse lapansi. Koma m'boma la Mambwe muli anthu ochuluka amene anabadwa, kukwatira mpaka kumera imvi akuiona nkhalangoyi ndi maso okha, osapondamo.

Mmodzi wa iwo anali amayi anga, amene ana onse pamudzi amawaitana kuti ambuya.

Ulendo wathu unayambira pa foni. Mwana wamwamuna wa mlongo wanga, wa giredi 6, anaona kanema wa ku Gold Reef City ku Johannesburg: tisitima tothamanga pa njanji zopindikapindika m'mwamba, tikukwera pang'onopang'ono kenako n'kutsika ngati tagwa, anthu ali m'kati akukuwa tsitsi lili m'mwamba. Anauonera mpaka batire kutha.

"Amalume, mudzanditengere kumeneku," anatero.

Kwathu kuno kwa Akunda mwana wa mlongo wako ndi wako, akapempha sumuyankha ndi msana. Ndinamufotokozera kuti Johannesburg ndi kutali, ndipo kuti ku America, mumzinda wa Tampa, kuli malo ena otchedwa Busch Gardens kumene anamanga tisitima totere n'kuikanso anyamalikiti ndi mbidzi m'bwalo limene analitcha Serengeti Plain, kuti anthu azimva ngati ali ku Africa. Mabanja amalipira ndalama zambiri kukaona nyama zimene ife tili nazo kutsidya kwa mtsinje. Mwanayo anandiyang'ana.

"Nanga ife bwanji sitipitako kutsidyako?"

Yankho lake ndi galimoto. Ndalama ya pa geti kwa nzika ya Zambia imalipiridwa m'makwacha ndipo ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi ya mlendo wakunja. Koma m'paki simulowa munthu wapansi kapena wapanjinga mwachisawawa, ndipo kubwereka galimoto yoonera nyama pamodzi ndi woperekeza wake ndi mtengo umene unaikidwa poganizira thumba la munthu wa madola. Tinasonkherana: ine, mlongo wanga amene amagulitsa pamsika wa pa Cropping, ndi alamu anga. Tinasankha tchuthi cha ufulu, pa 24 October, mwezi umene chigwa chimatentha kupitirira madigiri 40 ndipo nyama zonse zimathamangira kumadzi.

Amene anavuta ndi ambuya.

"Ine ndikalipire ndalama kukaona njovu? Njovu yomwe inandigumulira nkhokwe? Iziyamba yandilipira iyo."

Sanali kuseka. Chaka chathachi njovu inabwera usiku, n'kukankha nkhokwe yawo, n'kudya chimanga chimene akanafika nacho mwezi wa February. Ku Zambia boma silipereka chipukutamisozi pa mbewu zowonongedwa ndi nyama. Anakwera galimoto chifukwa cha adzukulu basi, atamanga chitenje chawo chatsopano, chigubu cha munkhoyo chili pamiyendo.

Pakati pa mlatho woperekeza wathu, mnyamata wa kwa mfumu Kakumbi, anaimitsa galimoto. Luangwa wa mu October ndi mchenga wochuluka ndi madzi ochepa, ndipo m'madziwe otsalawo mvuu zinali zitapanikizana misana yokhayokha, zina zikuyasamula, zina zikulira kulira kwawo kwa m'mimba. Pamchenga panali ng'ona zitatsegula kukamwa. Mtsinje umenewu ndi umodzi wa mitsinje ya mvuu zochuluka kwambiri mu Africa, ndipo ana anayesa kuziwerenga n'kulekera panjira. Chapatsogolo pang'ono, pa gombe lophwanyuka, panali timabowo tambirimbiri, ndi mbalame zofiira zodya njuchi zikutuluka ndi kulowa. Zimabwera kudzaswa miyezi imeneyi mvula isanagwe, madzi asanadye gombelo.

Kasitima kake mwana wa mlongo wanga anakapeza pa kamtsinje kouma. Msewu umatsika chogwa kulowa mumchenga n'kukweranso kutsidya, ndipo galimoto itaweramira pansi ife tili pa mpando wapamwamba wakumbuyo, m'mimba munachita kuti zii. Ana anakuwa, mlongo wanga anagwira chitsulo ndi manja onse awiri, ambuya anaitana Mulungu wawo.

"Atate, tibwerezenso!" anapempha mnyamatayo.

"Tikabwereza mikango itithawa," anayankha atate ake. Woperekeza anaonjezera kuti m'nkhalango mawu amatsitsidwa, ndipo palibe kuimirira nyama zikakhala pafupi, chifukwa zimaona galimoto yonse ngati chinthu chimodzi mpaka wina atadzuka.

Nswala, njiri zothamanga michira ili chilili, anyani, gulu la njati zopumira m'fumbi, zonsezi tinazidutsa. Anyamalikiti anatiimitsa nthawi yaitali. Mtundu wawo ndi wa Thornicroft, umene supezeka kwina kulikonse padziko kupatula m'chigwa chino, monganso nyumbu za mtundu wa Cookson. Mikango tinaipeza itagona pansi pa mvunguti, mimba zili tumbi, osatukula ngakhale mutu. Ana anakhumudwa nayo. Iwo ankayembekezera kubangula.

Njovu tinazipeza m'nkhalango ya mitsanya, zikupita kumadzi. Zinali zazikazi ndi ana awo, yaikulu ili patsogolo. Woperekeza anazimitsa injini. Zinadutsa pafupi kwambiri moti tinkaona matope ouma m'makwinya a khungu ndi nsidze zake zazitali, koma mapazi osamveka n'komwe. Kamwana kena kanali kasanadziwe kugwiritsa ntchito chitamba. Kankachigwedeza uku ndi uku, kuchiponda, kenako kanagwada n'kumwa madzi ndi pakamwa. Kataimirira kanalowa pansi pa amake, pakati pa miyendo yakutsogolo, n'kuyamba kuyamwa.

Ambuya anasendera kutsogolo kwa mpando.

"Mwanawe, kodi mabere ake ali pachifuwa?"

"Eya, amayi, ali pachifuwa. Ndipo mimba yake ndi ya miyezi 22."

"Miyezi ingati?"

"22, amayi."

Anakhala chete akuyang'ana. Munthu ameneyu wakhala moyandikana ndi njovu moyo wake wonse. Amadziwa kulira kwa mtengo wa mango ukuthyoka pakati pa usiku, amadziwa fungo lake, amadziwa kusiyanitsa ndowe ya lero ndi ya dzana, wagona m'chisakasa cha kumunda akumenya chitini mpaka mbandakucha. Koma njovu yoyamwitsa, masana dzuwa lili nganga, iye atakhala pansi mtima uli m'malo, anali asanaionepo. Kumbuyo kwa gululo kunali ina ya chitamba chachifupi, chodukira pakati. Woperekeza anati ndi ntchito ya msampha wa waya, wotchera nswala kapena njati, umene njovu inalowetsamo chitamba. Inkadya mogwada. Ambuya anapukusa mutu n'kuyamwa mano, ndipo patapita kanthawi anati, "Komabe ndi mbava." Zonse ziwiri anazinena kuchokera pansi pa mtima, ndipo ine sindikuona kuti china chikufafaniza chinzake.

Tinapumira pa thamanda lina, limodzi la mathamanda amene Luangwa amasiya akasintha njira. Magalimoto ena anatulutsa tiyi ndi mabisiketi. Ife tinatulutsa zitumbuwa ndi munkhoyo uja. Pamenepo ndi pamene mbiri ya malowa inatuluka, theka kwa woperekeza, theka kwa ambuya.

Nkhalangoyi inayamba kutetezedwa mu 1938, n'kukhala paki mu 1972, chaka chimenenso anamanga nyumba ya Chichele paphiri kuti Kenneth Kaunda azikapumirako. Koma zoonetsa nyama kwa alendo zinayamba mu 1950, pamene Norman Carr anagwirizana ndi mfumu yaikulu Nsefu kuti ipatule gawo la malo ake, amangepo msasa wa alendo, ndalama zolowera zizipita kwa anthu a mfumuyo. Ndi Carr yemweyo amene anayambitsa maulendo oona nyama wapansi, amene chigwa chino chimadziwika nawo mpaka lero, ngakhale ana osakwana zaka 12 saloledwa. Nkoyenera kuikumbukira mfundo imeneyi: pachiyambi penipeni pa malonda onsewa panali mfumu ya Akunda ndi lonjezo lakuti eni nthaka adzapindula.

Ambuya anakumbukira za pa Cropping, pamene pali msika ndi magolosale lero. M'zaka za m'ma 1960 boma linkapha njovu ndi mvuu pofuna kuzichepetsa, ndipo nyama yake inkakonzedwera pamenepo. Iwo anali mtsikana, ndipo amakumbukira fungo lake. Nthawi imeneyo chigwa chinali ndi njovu pafupifupi 100,000. Kenako anabwera opha nyama mozemba a mfuti zazikulu, m'ma 1970 ndi m'ma 1980, ofuna minyanga. Njovu zinatha zambirimbiri. Chipembere ndiye chinatheratu. Mu 1998 Zambia inalengeza kuti ilibenso chipembere chakuda, mpaka pamene anabweretsa zina ku North Luangwa kuyambira mu 2003. Ku South Luangwa kulibe mpaka lero. Mwana wamkazi wa mlongo wanga, wa giredi 8, anafunsa kuti chinkaoneka bwanji, ndipo pagulu lonselo anali ambuya okha amene anachionapo ndi maso, chikuwoloka njira iwo akupita kukatunga madzi. Anafotokoza ndi manja, woperekeza akumvetsera ngati wophunzira.

Mtsikanayo ndiye anali ndi mafunso ambiri. Ali m'kalabu ya zachilengedwe kusukulu kwawo, imodzi ya makalabu amene bungwe la Chipembele Wildlife Education Trust limathandiza. Bungweli analiyambitsa ndi Steve ndi Anna Tolan mu 1998, ndipo limatengera ana a sukulu m'paki. Mtsikanayu amadziwa za Thandiwe Mweetwa, amene anakulira ku Mfuwe konkuno, n'kuyambira m'kalabu yotereyi, n'kukaphunzira mpaka kunja, n'kubwerera kudzafufuza za mikango ndi Zambian Carnivore Programme. Mu 2016 bungwe la National Geographic linamuika pagulu la ofufuza achinyamata odalirika. Amadziwanso za njovu za pa Mfuwe Lodge, zimene kumapeto kwa October mpaka December zimalowa pakhomo lolandirira alendo, kudutsa pafupi ndi tebulo, kukadya matondo a mtengo wa m'bwalo. Kanema wake waonedwa ndi anthu a m'mayiko ambiri. Iyenso anauona pa foni, ngakhale kwawo ndi kumeneko ndi mtunda woti njinga ikhoza kufika.

Ntchito yoteteza nyama ndi anthu ikugwiridwa, ndipo sindikuichepetsa. Alonda a Department of National Parks and Wildlife, pamodzi ndi a Conservation South Luangwa, amayendera nkhalango kuchotsa misampha ndi kupulumutsa nyama zokodwa. M'midzi muli anyamata oombera njovu ndi timipira ta tsabola kuti zituluke m'munda, ndi nkhokwe za simenti zimene njovu singathe kuzigumula. Amayi a ku Mulberry Mongoose amapanga mikanda ndi zibangili kuchokera ku waya wa misampha yomweyo. Malo ogona alendo alemba ntchito anthu ambiri, ndipo m'dera la Lupande muli makomiti a Community Resource Board oyang'anira gawo la ndalama za nyama limene limabwerera kumidzi ya mafumu Nsefu, Kakumbi, Mnkhanya, Jumbe, Malama ndi Msoro.

Koma pali gulu limene likutsalira, ndipo ndi gulu la ambuya. Ana a sukulu akulowa m'paki. Makolo awo ndi azigogo awo, amene amagwira khasu, amene amagona kumunda, amene amadziwa kuti ndi mwana wa yani watchera waya kudambo ndipo amasankha kunena kapena kukhala chete, sakulowamo. Timawaitanira kumisonkhano pansi pa mtengo n'kuwauza kuti nyama ndi chuma chawo, pamene chumacho amangokumana nacho usiku chikuwadyera chakudya. Miyezi ya mvula alendo amachepa ndipo magalimoto ambiri amangokhala. Ndikuona kuti eni malo ogona alendo, mafumu ndi a dipatimenti akhoza kugwirizana masiku oikika pamwezi oti mabanja a m'midzi yoyandikana ndi paki azikwera pamtengo wa mafuta okha. Zimenezi sizingabweze chimanga cha munthu, ndipo nkhani ya chipukutamisozi iyenerabe kukambidwa payokha. Koma munthu amene akupemphedwa kupirira njovu ali ndi ufulu woiona monga amaionera amene akuilipirira madola.

Tinatuluka pa geti cha m'ma 10 koloko dzuwa litayamba kuluma. Mwana wa mlongo wanga anali akunenabe za kamtsinje kaja, ndipo Gold Reef City sanaiiwale. Wati adzapita akadzayamba ntchito. Mlongo wanga anakaifotokoza nkhaniyi kwa anzake a chilimba pamsika, ndipo agwirizana kuti gawo limodzi la ndalama zawo lidzakhale lobwerekera galimoto, apite amayi okhaokha ndi ana awo aang'ono. Ambuya alembetsa dzina. Ati ulendo uno akufuna wamadzulo, umene umatuluka m'paki 8 koloko usiku ndi nyali yaikulu, chifukwa pali nyalugwe amene anawatherapo mbuzi ndipo akufuna kuona nkhope ya mtundu wake.